Onga Pamwamba pa Onga

Ba Mbarek sanakwerepo kavalo pamaso pa anthu. Zaka makumi atatu ndi zinayi anazithera pa sukulu ya akavalo ya Haj Bouchaib, kunja kwa tauni ya Sidi Bennour, koma ntchito yawo inali yapansi, yothira onga m'mfuti. Kwathu kuno ku Doukkala munthu akati akuphunzira kavalo sanena zozungulirazungulira m'bwalo atavala chipewa cholimba ngati ana a mabwana a ku Casablanca. Amanena zoima pamzere ndi anzake khumi, kuthamangitsa akavalo bondo kukhudza bondo mpaka kumapeto kwa bwalo, n'kuwomba mfuti zonse nthawi imodzi, kuti amene ali kumunda anene kuti yalira imodzi. Mfutizo ndi zagogodela, zopanda chipolopolo, onga wokhawokha. Anthu a m'tauni amati ndiye kuti n'zoseweretsa, ndipo Ba Mbarek akamva mawu amenewa ankangolavula.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo khutu lawo lakumanzere linaleka kalekale kumva. Zikhadabo zinali zakuda bii, moti akazi awo, Lalla Rkia, anagwa mphwayi n'kusiya kuwagulira sopo wonunkhira. Bambo awo anali okumba zitsime, ndipo kuno chitsime chimafuna onga chifukwa madzi amakhala kunsi kwa thanthwe. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuti onga sukwiya, sudana ndi munthu, umangochita zimene wauuza ngakhale unauuza mosadziwa.

Malo awo anali kumapeto kwa bwalo, pansi pa chinsalu chomangidwa pa mizati inayi. Pamenepo panali bokosi la onga, kanyanga koyezera, mapepala otsindira, ndi ndodo. Ndodoyo inali ya mtengo wa azitona, yaitali kuposa mpope wa mfuti, ndipo anaicheka mizere iwiri ndi mpeni. Wokwera akabwera kudzathiritsa, Ba Mbarek asanakhudze onga ankayamba alowetsa ndodo mu mpope. Ikamira mpaka mzere wapamwamba, ndiye kuti mfuti ilibe kanthu, onga ulowe. Ikaima pa mzere wapansi, ndiye kuti mfutiyo inakana moto ndipo onga woyamba udakali momwemo.

Chifukwa chake anachiona ndi maso ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, pa musemu, chikondwerero cha pachaka chomwe magulu onse a akavalo amakumana kunyanja. Wothira onga wa gulu lina, pofulumira, anathira pamwamba pa onga wosapsa. Mpope unang'ambika m'manja mwa mwini wake akavalo ali paliwiro. Dzanja la munthuyo analitola ndi Ba Mbarek, ndipo sanalitole kamodzi. Nkhaniyi sankaikonda kuikamba, koma kuyambira tsiku limenelo panalibe mfuti, kaya ya mwana kaya ya Haj weniweniyo, imene inalandira onga isanalawe ndodo.

Haj Bouchaib, mwini sukulu, anali mphunzitsi wotopetsa, tisabise. Chaka choyamba wophunzira sankaigwira n'komwe mfuti. Ankathamanga ndi mpini wa khasu m'manja, Haj ali pambuyo pa kavalo wawo wotuwa kukalipa za zigongono ndi zidendene. Makolo ankadandaula kuti kwa Haj mwana amamera ndevu asananunkhize onga. Ndipo ophunzirawo akayamba kuwomba zinkamveka ngati mbuliwuli m'chiwaya, pha, pha-pha, pha, anthu odutsa mumsewu n'kumaseka. Haj analibe nazo ntchito. Ankati kuwombera pamodzi kumabwera kokha, sikuchita kukoka. Ba Mbarek ankakonda kuwomba komwazikanako, chifukwa ndi khutu lawo limodzilo ankatha kuwerenga, ndipo ikasowa imodzi ankadziwa mzere usanabwerere.

Komabe kuwerengako kunali kongoonjezera. Kwa Haj mfuti ikakana, wokwera ankainyamula chopingasa pamwamba pa mutu kuti aliyense aone. Haj ankayandikira n'kunena kuti, "Yakana? Nayenso mkazi wanga anandikana kawiri. Pita nayo kwa Mbarek." Anthu n'kuseka, nkhani n'kutha.

Chaka chathachi Haj anagwa m'khola m'mawa wina, mbali imodzi n'kufa ziwalo, pakamwa n'kupotoka. Ana awo awiri aamuna, omwe ali ku Italy, anakambirana pafoni n'kulemba ntchito Si Azeddine. Ameneyu anali munthu wamtali, wa ndevu zoduliradulira bwino, wovala majombo achikasu, ndipo anatsogolerapo gulu lomwe linabwera ndi chikho kuchokera ku likulu. Kavalo amamudziwa, pamenepo sitingamunamizire. Miyezi itatu isanathe, ana omwe ankawomba ngati mbuliwuli anayamba kuwomba phuu kamodzi, nkhunda n'kuuluka m'mudzi monse. Makolo anati tsopano sukulu yapeza mphunzitsi. Ena anachotsa ana awo kusukulu ina ya akavalo ya kutsidya kwa msewu n'kubwera nawo kuno, ndipo amayi pa chitsime ankaonetsana mafoni.

Mankhwala a Si Azeddine anali amodzi. Wochedwa kuwomba ankatsika pakavalo, n'kukoleka mfuti m'khosi, n'kuyenda pansi bwalo lonse akukoka kavalo wake, anzake ali pa zishalo kumuyang'ana. Lamulo limeneli si lachilendo. Pa musemu, pakati pa amuna a ndevu zawo, wochedwa amayendadi pansi, koma amenewo ndi akuluakulu, amatukwanizana kenaka n'kukamwa tiyi limodzi. Si Azeddine analitengera kwa ana a zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, makolo ali pampanda, mafoni ali m'mwamba. Ndipo kwa iye mfuti yochedwa ndi mfuti yokana zinali chimodzimodzi. Ankati, "Mfuti sikana, amakana ndi munthu."

Ife a ku Doukkala tikhoza kuyenda sabata yathunthu ndi nthiti yothyoka osauza munthu. Koma kutiyendetsa pansi tikukoka kavalo, azakhali athu akuonerera, ndiye kutipha kumene. Mnyamata woyamba kuyenda analira ali pakati pa bwalo, ndipo sanabwerenso.

Mu mzerewo munali Saadia, mwana wotsiriza wa Ba Mbarek, wamkazi yekhayo pakati pa amuna anayi. Achimwene ake onse anathawa fungo la manyowa n'kukagwira ntchito m'tauni, koma iye anakulira m'kholamo. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali mmodzi wa atsikana atatu mu mzere, ndipo ankakhala pachishalo ngati anabadwira pomwepo. Anatengera bambo ake ufupi ndi kuuma mutu. Lalla Rkia ankati mwamuna wodzakwatira ameneyu adzafunika kubwera ndi chingwe chake.

Mfuti yake ankaipereka kwa bambo ake nthawi zonse, akuweramira pansi kuchokera pakavalo.

"Baba, thirani wambiri, amve ndi a ku Sidi Bennour."

"Ndikuthirira wa mwana. Ukadzakula udzandiuze."

"Ndakula. Mwangoti simuona chifukwa ndinu afupi."

"Chotsa kavalo wakoyo, akundipumira m'khutu lomwe limamva."

Ba Mbarek sankanena, koma nthawi imeneyi ndi imene ankaiyembekezera sabata yonse.

Lamlungu lina Si Azeddine anabwera pachinsalu paja ali pakavalo, osatsika.

"Ba Mbarek, akavalo akuzizira. Mukamamaliza kupisa kandodo kanuko m'mfuti khumi ndi imodzi, dzuwa limakhala litapendeka."

"Kavalo akazizira amafundanso, Si Azeddine. Dzanja silimera."

"Mawu a kuchitsime amenewo, mdala. Sindikukuchotsani ayi, a Haj amakukondani. Koma kuyambira Lamlungu likubwerali muzigawana ntchito ndi Miloud."

Miloud anali msuweni wa Si Azeddine, bambo wa ana atatu, wogulitsa mavwende pamsika wa Lachiwiri, munthu woseka ndi aliyense. Anaika tebulo lake mbali ina ya chinsalu. Onga ankabwera nawo woyezeratu m'timapepala tokulunga ngati mtedza wogulitsa, n'kumangong'amba ndi mano, kukhuthula, kutsindira, mfuti yapita. Ndodo yoyezera analibe. Ba Mbarek atamusemera ina n'kumupatsa, anaithokoza ndi manja awiri n'kuiika pansi pa tebulo.

"Inu Ba Mbarek mumathira onga ngati mukuthira mankhwala m'diso la khanda," anatero akuseka. "Taonani, ine ndamaliza asanu, inu mudakali ndi wachiwiri."

"Chivwende ukachigogoda umamva ngati chapsa. Mfuti umaigogoda ndi chiyani?"

"Ndimafunsa mwini wake. Yawomba? Yawomba. Basi."

Kuyambira pamenepo mfuti zinasiya kukana. Ba Mbarek anazindikira izi patapita mwezi, ali kudya buledi ndi mafuta a azitona m'mawa. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi sipankatha Malamlungu awiri popanda mfuti kukana, makamaka m'miyezi ya nkhungu pamene onga umayamwa chinyontho. Tsopano onga unali womwewo, mfuti zomwezo, nkhungu yomweyo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wonyamula mfuti chopingasa. Kuwerenga ndi khutu kunali kosathekanso, chifukwa zonse zinkalira kamodzi, ndipo utsi unkaphimba mzere wonse moti sukanadziwa kuti watuluka mu mpope uti. Kuwomba kukamakomera anthu a pampanda, iwo ndiye ankatsala mumdima.

Anauza Si Azeddine, ndipo iye anamwetulira.

"Ndiye kuti mwaona nokha kuti maphunziro ali bwino. Kale zinkakana chifukwa ana ankawomba ali mtulo."

"Ndikuopa kuti ena akubisa."

"Mwamugwira ndani?"

Sanagwire munthu. Onse obwera kumbali kwawo mfuti zawo zinkameza ndodo mpaka mzere wapamwamba. Anafunsa anyamata awiri ali pa chomwera akavalo, ndipo onse anayang'ana nsapato zawo n'kunena kuti sakudziwa kanthu. Tsiku lina akupukuta mfuti madzulo, chala chawo chachikulu chinamva kachotupa pa mpope wa imodzi, kakang'ono koti diso silingaone. Anaimanga ulusi wofiira n'kuiika pambali. Lamlungu lotsatira anaipeza ili pamulu ndi zinzake, ulusi utachotsedwa, ndipo kiyi ya chipinda cha mfuti inali itapita m'thumba la Si Azeddine.

Anapita kwa Haj. Anawapeza atakhala pa mpando wamatayala pansi pa mkuyu, malovu akutsikira pa thaulo. Anawafotokozera zonse. Haj anamvetsera, diso limodzi likunyezimira, n'kuyesa kuyankha, koma chomwe chinatuluka sichinali mawu. Mpongozi wawo anabwera n'kunena kuti adokotala analetsa zowasokoneza maganizo.

Mantha anawalowa Ba Mbarek, mantha enieni, a mtundu womwe umachotsa kukoma kwa tiyi. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi iwo ankachimva chikubwera. Lalla Rkia anati, "Ndiye mumuletse mwanayu." Iwo anati kumuletsa Saadia kavalo n'chimodzimodzi kuletsa mbuzi msipu, komanso panalibe choopa pa iyeyo, poti mfuti yake imadutsa m'manja mwawo. Ndi mawu amenewa ankadzitonthoza Lamlungu lililonse. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, inde, koma tinene zoona, mtima umayamba wawerenga wako.

Kutatsala mwezi kuti musemu uyambe, kunabwera akuluakulu atatu osankha magulu oti akaonekere kunyanja. Sukuluyi inali isanatumizepo gulu la ophunzira, ndipo mudzi wonse unakhamukira kubwalo. Anamanga hema, anayala makapeti, tiyi wa timbewu tonunkhira n'kumayenda m'mathireyi. Haj anawakankha pa mpando wawo n'kuwaika kutsogolo, atawaveka zoyera. Okwera anasamba m'manja ndi kumaso monga popita kukaswali, chifukwa kavalo wa onga sakweredwa ndi thupi lodetsedwa, n'kuvala mikanjo yawo yoyera. Saadia anaikidwa wachitatu kuchokera pakati, kudzanja lamanja la Si Azeddine, pamalo poonekera.

Ulendo woyamba unayenda bwino. Mzere unanyamuka pang'onopang'ono, Si Azeddine anaitana kuti, "Akavalo!" ndipo nthaka inanjenjemera. Pafupi ndi hema anaitananso kuti, "Mfuti!" ndipo inalira imodzi. Amayi anaimba nthungululu. Saadia anabwera pachinsalu masaya ali ofiira.

"Mwamva, Baba?"

"Ndamva ndi logontha lomwe. Bweretsa."

Ndodo inamira mpaka pamwamba. Anathira, anatsindira, anamubwezera.

Ulendo wachiwiri unaposa woyamba. Mmodzi wa akuluakulu aja anaimirira n'kuwomba m'manja, ndipo Si Azeddine anakweza dzanja kusonyeza kuti apitanso kachitatu nthawi yomweyo, akavalo asanazizire. Pachinsalu panali piringupiringu, fumbi ndi utsi, akavalo akugundana matako. Ba Mbarek anali ataweramira mfuti ya mnyamata wina, ndipo atadzutsa mutu anaona kavalo wa Saadia, wofiirira wa mwendo umodzi woyera, ataima kumbali kwa Miloud. Miloud anali akung'amba kapepala ndi mano. Saadia anali atayang'ana kwina, kumene kunalibe choona.

Chinayamba kuwagwira ndi chisoni. Anaganiza kuti mwanayo wachita nawo manyazi pamaso pa alendo, mdala wa zikhadabo zakuda ndi kandodo kake, wochedwetsa anthu. Zinawapweteka kwambiri, koma anaweramanso n'kupitiriza ntchito, poti mwana akakula amatero. Anamaliza mfuti ziwiri zotsala. Mzere unatembenuka n'kuyamba kukwera kumtunda kwa bwalo.

Ali kupukuta manja pa mkanjo anadzifunsa kuti manyaziwo anali kuti pa ulendo woyamba, alendo omwewo ali pomwepo. Saadia si mwana wothawa maso a munthu. Kuyambira ali wamng'ono ankathawa maso a bambo ake pa chifukwa chimodzi chokha, akakhala kuti pali chimene wabisa.

"Miloud. Ya Saadia unaiyeza?"

"Ndinamufunsa. Wati yawomba."

"Wakuyang'ana pamene amanena?"

Miloud anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira.

Kumtunda akavalo khumi ndi mmodzi anali ataima kale pamzere. Kufuula kunali kopanda ntchito, chifukwa ng'oma zinali pakati ndipo mtunda unali wautali. Ba Mbarek anatenga ndodo yawo, anawerama pansi pa chingwe chotchinga anthu, n'kulowa m'bwalo. Kwathu munthu salowa m'bwalo mzere utaima. Ngakhale galu amamuponya miyala. Anthu anayamba kukuwa, wina anati mdalayo wapenga, koma iwo anayenda mpaka pakati n'kuima, manja atatambasula.

Mzere unali utanyamuka kale. Kaya Si Azeddine sanawaone msanga, kaya anaganiza kuti athawa okha, zimenezo adziwa yekha. Anaitana kuti, "Akavalo!" Ba Mbarek anamva nthaka ikugunda m'mapazi, kenaka m'mawondo. Anaona zifuwa za akavalo zikukula, mfuti zikunyezimira pamwamba. Miyendo yawo inkafuna kuthawa, ndipo anaiuza kuti ayi. Chimene ankaopa sichinali ziboda. Ankaopa kuti amva liwu lachiwiri lija, loti "Mfuti!"

Silinabwere. Si Azeddine anakoka zingwe, mzere unasweka, akavalo anaima ndi miyendo yakumbuyo akulira, ndipo fumbi linaphimba zonse. Litatsika, Ba Mbarek anali ataima pomwepo, thovu la kavalo lili pa mkanjo wawo. Ng'oma zinali zitaleka.

"Mukufuna kufa, mukafere kwanu," anatero Si Azeddine, mawu ali pansi. "Mukudziwa chimene mwachita?"

Ba Mbarek anapita pa kavalo wofiirira n'kutambasula dzanja.

"Bweretsa."

"Baba, chonde."

"Bweretsa, mwana wanga."

Saadia anaipereka. Ba Mbarek analowetsa ndodo, ndipo inaima zala zinayi isanafike ndi pa mzere wapansi pomwe. Anavula nsalu ya kumutu, anaiyala pansi, n'kukoka zam'katimo ndi kawaya kawo pamaso pa onse. Panatuluka pepala, onga, kenaka pepala lina, ndi onga wina. Milu iwiri yakuda inakhala pa nsalu yoyerayo. Mmodzi wa akuluakulu aja anabwera, anayang'ana, n'kutchula dzina la Mulungu.

Munthu wina akanatsika pakavalo n'kugwira dzanja la mdalayo. Si Azeddine anali ndi alendo, ndipo ankayenera kupeza mwini mlandu msanga. Anatembenukira kwa Saadia.

"Yakana, iwe n'kunama. Tsika."

Saadia anatsika. Anakoleka mfuti m'khosi, anagwira chingwe cha kavalo, n'kuyamba kuyenda. Bwalo lathu ndi lalitali kwa woyenda pansi. Anadutsa pa hema, pa azakhali ake, pa atsikana omwe anaphunzira nawo, mafoni onse akumutsatira. Sanalire. Anayenda mutu uli chilili, majombo ake akumira mu mchenga, ndipo Ba Mbarek anaima ndi nsalu yawo m'manja kumuyang'ana mpaka kumapeto. Haj ankamenya dzanja lawo lamoyo pa mpando, koma panalibe wodziwa kuti akukalipira ndani.

Akuluakulu anati adzabweranso Lamlungu lachitatu kuchokera tsikulo kuti adzaone bwino. Madzulo a tsiku lomwelo mwana wamkulu wa Haj anaimba foni kuchokera ku Italy. Anayankhula mwaulemu, anati Ba Mbarek ali ngati bambo awo, anati zaka zapita ndipo ndi nthawi yoti apume. Anatinso munthu wolowa m'bwalo mzere utaima akanatha kupha okwera khumi ndi mmodzi, ndipo pamenepo sananame. Si Azeddine analonjeza makolo kuti kuyambira tsopano Miloud aziyeza mfuti iliyonse. Za kuyenda pansi sananene kanthu, ndipo panalibe kholo lomwe linafunsa, chifukwa aliyense ankafuna kuti mwana wake akaonekere kunyanja.

Mudzi unagawikana. Ena ankati mdalayo anapulumutsa mwana wake, ena ankati anamuvula pagulu pomwe akanatha kumunong'oneza. Amenewa ukawafunsa kuti akanamunong'oneza bwanji kavalo ali paliwiro, ankasintha nkhani. Ba Mbarek anayamba kuthandiza mnansi wawo kuthirira munda, ndipo zikhadabo zinayamba kuyera kuchokera kumizu. Mnansiyo ndi amene anawauza kuti Lamlungu loyamba Miloud anayezadi mfuti zonse, koma lachiwiri kunali mphepo, ndipo ndodo ija anaichirikizira chinsalu.

Saadia sanasiye sukulu. Anthu ankayembekezera kuti sadzapondakonso, koma Lamlungu lotsatira anali woyamba kufika kukhola, ndipo Si Azeddine, amene ankadziwa kuti alibe wokwera wina ngati ameneyo, anamubwezera pamalo pake. Kunyumba ankagwira ntchito zake zonse, kupereka moni, kubweretsa tiyi, koma mawu oposa pamenepo kwa bambo ake analibe.

Lachisanu akuluakulu aja asanabwerenso, Ba Mbarek atachokera kumzikiti, Lalla Rkia anaika mbale ya kusikusi, chakudya chathu cha Lachisanu, patebulo n'kubwerera kukhitchini dala. Saadia anabwera ndi ketulo ndi beseni kudzawasambitsa m'manja, thaulo lili paphewa. Anagwada n'kuyamba kuthira. Ba Mbarek anayang'ana dzanja logwira ketulolo, laling'ono, lolimba, la zipsera za zingwe m'zala.

"Unkadziwa chimene onga wawiri umachita," anatero.

"Ndinkadziwa."

"Ndiye bwanji?"

"Ena anachitapo, Baba. Imangokankha phewa kwambiri, basi."

"Mpaka tsiku lomwe siidzakankha phewa."

Saadia anapitiriza kuthira. Madzi ankagwera m'beseni.

"Sindikuletsa kukwera. Ndikupempha chinthu chimodzi, ndipo sindinakupemphepo kanthu. Mkuja ikakana, uinyamule pamwamba. Undilonjeze."

Mwanayo anaimika ketulo. Kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu anawayang'ana m'maso, ndipo munalibe mkwiyo, chinthu chimene chinawaopsa kuposa mkwiyo.

"Ndayenda kale kamodzi, Baba. Kachiwiri sindiyenda."

Anawapatsa thaulo, ananyamula beseni, n'kukataya madzi panja.